Tsiku Limene Timu ya a Walter Inawina

Tadala, vula kaye chipewacho, uli m'nyumba. Ayi, usachibise kumbuyo, bwera nacho kuno ndichione. Ukudziwa kuti chipewa chamlomo chotere ndi cha masewero anji? Eya, bezibolo. Nanga masewerowo unawaonerapo? Ndinadziwa kuti ayi. Inu ana a masiku ano mumangovala zinthu osafunsa kumene zinachokera. Koma ine agogo anu, amene mumandiseka kuti sinditha kutsegula foni, bezibolo ndinaionera zaka zambiri, ndipo ndinasiya tsiku limodzi lokha, osabwererakonso. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake. Chisomo, tsitsa miyendo pa sofapo. Muzindiyankha m'Chingerezi chanucho ngati mukufuna, koma ine ndikamba m'Chichewa, chifukwa nkhani imeneyi ndikaikamba m'Chingerezi imamveka ngati yopeka.

Kwathu ku Mchinji tili atsikana tinkasewera raundasi. Mpira tinkapanga tokha, mapepala a shuga kuwakulunga, kuwamanga ndi luzi mpaka kulimba. Wina aponye, wina amenye ndi chidutswa cha mpini wa khasu, basi liwiro, kuzungulira miyala imene tinkaika pabwalo la sukulu. Ine ndinali ndi liwiro, musayang'ane mawondo awa. Abambo ndi anyamata iwo ankasonkhana pa golosale Loweruka masana kumvera mpira wamiyendo pa wailesi. Wailesi yake imodzi mudzi wonse, ndipo mabatire akafooka ankawayanika padzuwa ngati makaka kuti akokereko pang'ono. Chigoli chikalowa, ife kudimba tinkadziwa, chifukwa mfuu wake unkafika mpaka kudambo. Ndinaonapo bambo wamkulu, wa ana ake, akulira ngati wafedwa chifukwa timu yake yaluza. N'chifukwa chake munthu wolirira mpira ine sindimuseka.

Ku London kuno ndinabwera imvi zitayamba kale, agogo anu aamuna atatisiya. Amayi anu nthawi imeneyo anali pasukulu ya unamwino, tikukhala m'kachipinda kamodzi ku Tottenham, pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi mafuta ofiira a anzathu a ku West Africa. Jasi langa loyamba ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe, ndikudzitama kuti ndakonzeka. Tsiku loyamba mphepo inangodutsamo ngati ndavala neti ya udzudzu. Inu mumadandaula basi ikachedwa pang'ono. Ine ulendo wanga woyamba wa ku Blantyre ndinagona panjira, basi itatitimira m'matope, tikudya chimanga chootcha cha anthu achifundo. Koma izo ndi za tsiku lina.

Ntchito ndinaipeza ku Edmonton, m'nyumba yosamalira okalamba. Poyamba zinandiwawa mumtima. Ndinkati anthu awa alibe ana? Kenako ndinaona kuti ana alipo, koma moyo wa kuno umamwaza anthu ngati nkhuku zoona kabawi. Ntchito yake inali kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza ogona, kupukuta, kumvetsera nkhani imodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Mnzanga wapamtima kumeneko anali Mutinta, mtsikana wa ku Lusaka, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chija chodula mawu. Tikakhala pa shifiti imodzi, ntchito inkapepuka.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Walter.

Anali bambo wamtali, wa ku America, wamanja akuluakulu ngati mafosholo. Anabwera ku England ali mnyamata pa ntchito ya usilikali, anakwatira mayi wa kuno, osabwereranso kukakhala kwawo. Pamene ndinkawadziwa ine, miyendo inali itasiya kale. Ankakhala pa mpando wamatayala, ndipo kuwachotsa pabedi tinkachita kuwanyamula ndi makina, anthu awiri. Koma mutu unali wakuthwa. Dzina langa, Esinati, ankalitchula bwino kuposa mmene mumalitchulira inu.

Moyo wawo wonse unali bezibolo. Iwo ndi amene anandiphunzitsa, ndikuwadyetsa phala. Wina amaponya mpira woyera wolimba ngati bango laliwisi, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira malo anayi. Akabwerera pamene anayambira, chimenecho ndi chigoli. Mpira ukawakhidwa m'mwamba usanagwe, womenyayo watuluka. Nditamva choncho ndinati, "Aa, a Walter, si raundasi imeneyi? Kwathu amasewera ndi atsikana." Anaseka mpaka kutsamwa, ndinachita kuwasisita pamsana.

Timu yawo inali ya mzinda wa kwawo, ndipo inali timu yomvetsa chisoni. Makamaka masewero otsegulira sizoni, amene amachitika dzinja la kuno likamatha, inkangoluza chaka ndi chaka. Masewero akamachitika masana kwawoko, kuno kumakhala kukuda kumene, ndiye tikatha chakudya chamadzulo tinkawakankhira ku chipinda chochezera, patsogolo pa TV. Okalamba ena ankangokhala nawo pomwepo poti analibe kwina kopita. Pang'ono ndi pang'ono nawonso anasanduka masapota, osadziwa n'komwe malamulo ake. A Walter akawomba m'manja, onse kuwomba. A Walter akatukwana, onse kupukusa mitu. Panali mayi wina, a Doreen, wamng'ono thupi ngati kamwana, amene anasiya kulankhula kalekale. Chibwerere changa ndinali ndisanamvepo liwu lawo. Iwonso tinkawakhazika pomwepo, atafunda kabulangete.

A Walter anali ndi mwana mmodzi, Carol, ankakhala ku Ilford. Ankabwera pa Khirisimasi pokha. Akabwera sankakhala pansi, sankavula jasi. Ankaima chapakhomo, chikwama chili m'khwapa, kufunsa ngati bambo ake akudya bwino, basi ulendo. Mutinta ndi amene anandinong'oneza chifukwa chake. Tsiku limene amayi a Carol ankamwalira m'chipatala, a Walter kunalibe. Anali kwa mnzawo, akumvera bezibolo pa wailesi. Carol anatseka maso a amayi ake yekha. Chodabwitsa n'chakuti tchanelo chimene tinkaonera masewerocho, ankalipira ndi Carol yemweyo. Mtima wa mwana ndi wovuta kuumvetsa, inunso mudzaona.

Tsiku lina m'mawa ndikuwameta ndevu anandiuza za Eddie, mkulu wawo. Ali ana, awiriwo sankaphonya masewero otsegulira sizoni. Ankathawa kusukulu, kukwera sitima, kukakhala pamipando yotchipa ya pamwamba penipeni, akuswa mtedza. Eddie yekha ndiye ankawatchula kuti Wally. Pamene a Walter ankanyamuka kubwera kuno, Eddie anawauza kuti, "Mpando wako ndizikusungira." Eddie anamwalira kalekale, Carol ali wakhanda, ndipo a Walter sanapite n'kumaliro komwe.

"Koma amabwera," anatero a Walter, sopo ali m'masaya. "Amakhala pamene waimapo iwepo."

Ine ndinasuntha.

"Kumaloto?" ndinafunsa.

"Mwina ndi kumaloto. Pa msinkhu wanga kusiyana kwake n'kochepa. Akuti mpando ulipo. Akuti tsiku limene anyamata adzawine masewero otsegulira, adzabwera kudzanditenga tikasangalalire limodzi."

Anazinena ngati munthu akunena kuti mawa kubwera wokonza mpope. Okalamba amanena zambiri, ndipo ukamagwira ntchito imeneyo umaphunzira kungovomera. Koma ine ndinakulira kumene munthu akati akufa amuitana, sitiseka.

"Simukuopa?" ndinatero.

"Eddie sanandinamizepo."

"Nanga Carol?"

Anangotembenuzira tsaya linalo kuti ndimete.

Kuyambira pamenepo ndinakhala sapota wachilendo. Ine mayi wa kwaya, ndinkagwada kupempherera anyamata osawadziwa, a dziko losalidziwa, kuti aluze. Masewero ena onse a m'chaka ndinkachemerera nawo ndi mtima wonse. Koma otsegulira aja akafika, timu ina ikamenya mpira, ndinkapezeka ndati "Eya!" ndisanadzigwire pakamwa. A Walter ankandiyang'ana cham'mbali. "Esinati, ndiwe sapota woipitsitsa amene ndinamuonapo." Akaluza, ankapuma mozama n'kunena kuti, "Chabwino. Undisambitsanso chaka china." Ndipo ndinkawasambitsadi chaka china. Zinayenda choncho kwa zaka zingapo, mpaka ine ndinayamba kuiona ngati nthabwala yathu.

Yamikani, siya kuswa zala, ukundisokoneza.

Chaka chimenecho dzinja linachedwa kuchoka. Timaluwa tachikasu tija tinali titatuluka m'munda wa kuseri, koma kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa. Tsikulo a Walter anadzuka ali amphamvu. Nesi anawayeza m'mawa, zonse zili bwino. Anadya mbale yonse, anapempha ina. Kenako anati ndiwavale malaya oyera a kolala, amene ankavala pa Khirisimasi pokha.

"Chavuta n'chiyani ndi juzi?" ndinafunsa.

"Ndi tsiku lotsegulira, Esinati. Munthu amatchena."

Titatha chakudya chamadzulo tinawasonkhanitsa onse ku chipinda chochezera. Pansi tinatsala awiri, ine ndi Mutinta. Nesi anali pamwamba ndi wodwala wina, wa pa risepushoni anali ataweruka. Pa TV kwawoko kunali dzuwa lowala, udzu wobiriwira, bwalo lodzaza anthu mpaka kumwamba. Masewero atayamba, timu inayo inatsogola msanga, ndipo ine mtima unakhala pansi. Ndinapita kukatenga thirole ya tiyi ndikuimba kanyimbo.

Pobwerera ndinamva kulira kwa chibonga, kuti phaa, ngati nkhwangwa pa mtengo wouma. Mpira unauluka, unauluka, mpaka kugwera m'kati mwa anthu. Anyamata a timu ya a Walter amene ankadikira pa malo aja onse anathamanga n'kulowetsa zigoli, wina pambuyo pa mnzake. Timu ya a Walter inali patsogolo.

Apo ndi pamene ndinamva fungo.

Linali fungo la mtedza wokazinga, wotentha, losakanikirana ndi utsi wa fodya wa ndudu zazikulu zija. M'nyumba imene ija munalibe wosuta, ndipo mtedza sunkaloledwa n'komwe kukhitchini. Ndinayang'ana Mutinta. Iye anali ataima ndi kapu m'manja, mphuno ili m'mwamba.

"Ba Esinati, mwamvela?"

"Ndamva."

"Nanga ichokela kuti?"

Tinayang'ana mawindo, onse otseka. Hita inali yoyaka, koma m'miyendo munkadutsa kamphepo, osati kozizira kwa London kolowa m'mafupa kuja, koma kamphepo ka pabwalo, ka malo otseguka. Tsitsi loyera la a Doreen linkagwedezeka pang'onopang'ono.

Phokoso la anthu linakula, mpaka Mutinta anatenga rimoti kuti achepetse, poopa kudzutsa ogona. Ndinaona ndi maso anga timizere ta voliyumu tikutsika pa TV mpaka kutha. Mawu a woulutsa mpira anazimiririka. Koma phokoso la anthu silinatsike. Linali kumbuyo kwathu. Linali m'khonde, m'denga, m'makoma, ngati nyumba yonse yaikidwa pakati pa chikhamu. Tinkamva mapazi akupondaponda pa matabwa, wina akuitanira malonda patali, mwana akulira. Mutinta anaika rimoti pansi pang'onopang'ono ngati yatentha.

Kamera inayamba kuyenda m'masapota. Mukudziwa mmene amachitira, kuonetsa anthu akudumpha, akukumbatirana, ena atapaka utoto kumaso. Inakwera mpaka mipando ya pamwamba penipeni. Pakati pa anthu odumphawo panali bambo mmodzi atakhala phee. Jasi lotuwa lakalekale, chipewa cha mkombero chonga cha m'zithunzi zakale. Sankayang'ana masewero. Ankayang'ana kuno. Pambali pake panali mpando wopanda munthu, m'bwalo lodzaza chotero, ndipo iye anali atayikapo dzanja.

A Walter anakweza dzanja lawo lalikulu lija.

Bambo uja nayenso anakweza lake.

Ana inu, ine ndaona zambiri. Ndasambitsa mitembo, ndaona anthu akutsirizika. Koma zoterezi ndinali ndisanazionepo. Ndipo m'mutu mwanga simunabwere pemphero, simunabwere kuthawa. Munabwera Carol.

Lamulo la pantchito linali lomveka: wosamalira ngati ine saimbira abale a munthu. Amaimba ndi nesi kapena manijala, ndiponso pakhale chifukwa. Nanga ine ndikananena chifukwa chanji? Munthu wayezedwa m'mawa, wadya mbale ziwiri. Ntchito imeneyo ndi imene inkatisunga ine ndi amayi anu m'dziko lino. Ndinadziwa kuti Carol akakadandaula, ine kwanga kwatha. Ndinalowa m'chipinda chochapira zovala, kutseka chitseko, kuimba.

"Carol, ndine Esinati, amene ndimasamalira bambo anu. Bwerani."

"Agwa?"

"Ayi."

"Akudwala?"

"Ayi, ali bwino."

"Ndiye mukundiimbira chiyani?"

Ndinangoti, "Timu yawo ikuwina."

Anaseka, kuseka kowawa. "Inunso? Akulowetsani inunso m'zimenezi? Mayi, mukudziwa chimene masewero amenewo anandichita ine?"

"Ndikudziwa. Koma mukapanda kubwera lero, mawa mudzabwera kudzatenga zovala zawo. Ngati ndikunama, mukandinenere kwa manijala, andichotse."

"Ndikunenerani ndithu," anatero, n'kudula.

Ndinabwerera ku chipinda chochezera. Kunja kunali kutada. Masewero a bezibolo ndi aatali, amachita kusinthanasinthana, awa amenye, awa aponye. Ndinakhala pambali pa a Walter, ndikuwerenga mpweya wawo ndi maso. Iwo nkhope inali yowala ngati mnyamata. Ankayankhula ndi osewera, kuwalangiza, kuwakalipira. Nthawi zina ankatembenukira kumanzere, kumene kunalibe munthu, n'kunena kuti, "Waona zimenezo?" n'kudikira, n'kuseka yankho limene ife sitinalimve. Mutinta anali atakakamira pakhoma, akunong'ona mapemphero m'Chitonga cha kwawo. Timu inayo inayesetsa, inabweza zigoli, inatsala pang'ono kufanana nawo. Ine sindinadziwenso chopempherera.

Gawo lomaliza litayamba, ndinamva mapazi m'khonde. Carol analowa, tsitsi litanyowa ndi mvula yowaza, akupuma mofulumira. Ndinadabwa, chifukwa chitseko cha kunja chinkatseguka ndi manambala achinsinsi, ndipo mlendo ankayenera kuliza belu. Belu silinalire.

"Mwalowa bwanji?" ndinamufunsa.

"Bambo uja wanditsegulira."

"Bambo uti?"

"Wa jasi lotuwa, wachipewa. Anali pakhomo. Wandiuza kuti ndifulumire, akudikira ine ndekha." Anayang'ana nkhope yanga, kenako ya Mutinta. "Si wantchito wanu?"

Mutinta anangokhala pansi pomwe anaimapo.

"Carol," anatero a Walter, osadabwa n'komwe. "Wafika nthawi yabwino. Atsala awiri kuti atuluke, masewero athe. Khala apa."

Carol anaima, chikwama m'khwapa, monga mwa masiku onse. Ndinaona kuti fungo lija walimva, phokoso lija walimva, chifukwa maso ake ankayendayenda m'denga. Ndinamukokera mpando. Anakhala kunsonga kwake.

Womenya wina wa timu inayo anatuluka. Nyumba inagwedezeka ndi mfuu. A Walter maso ali pa TV anayamba kulankhula, motsitsa, moti ine ndinamva chifukwa ndinali pafupi.

"Tsiku la amayi ako lija, ndinafika pachipatala. Ndinafika mpaka pakhomo la wodi. Ndinakuona iwe utawagwira dzanja. Miyendo inakana, Carol. Ndinaopa. Ndinathawira kwa mnzanga, ndinayatsa wailesi kuti ndisamve mutu wanga. Sindikudziwa n'komwe amene anawina tsiku limenelo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Kuli bwino mwana aziti bambo ake ndi oipa, kusiyana n'kuti ndi amantha. Ndinkaganiza choncho. Ndinali chitsiru."

Carol sanati ndakukhululukirani. Zimenezo ndi za m'mafilimu anu. Anangoika chikwama pansi, n'kumasula mabatani a jasi, n'kulivula, n'kulifunditsa pamiyendo ya bambo ake. Kenako anawagwira dzanja.

Womenya womaliza anaumenya mpira m'mwamba, m'mwamba kwambiri, mpaka kamera inautaya m'dzuwa. Mnyamata wina anathamanga chobwerera m'mbuyo, nkhope kumwamba, gulovu ili yotambasula. Phokoso lonse lija linaima. Ndinamva wotchi ya pakhoma. Mpira unatsika, unalowa m'gulovu kuti khwaa.

Anawina.

Zimene zinachitika pamenepo, ndikanakhala ndekha ndikanati ndinalota. Okalamba aja anaimirira. Anthu oti kuwadzutsa pampando tinkachita kuwagwira m'khwapa, anaimirira okha, manja m'mwamba, akukuwa. Bambo wina wa ku Cyprus amene ankangogona tsiku lonse ankamenya tebulo ndi supuni. Mayi wina wa ku Jamaica ankavina, ndodo yake ili pansi. Ndipo anayamba kuimba. Nyimbo ya timu ija, imene ngakhale ine woonera zaka zonsezo sindinkaidziwa mawu ake, iwo ankaiimba yonse, mogwirizana, pamodzi ndi chikhamu chosaoneka chija. A Walter ankaimba nawo, misozi ikutsika mpaka mu kolala, akugwedeza dzanja la Carol m'mwamba. Carol ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Inenso, sapota woipa ine, ndinapezeka ndikululutira. Nthungululu zenizeni za ku Mchinji, m'nyumba ya azungu ku Edmonton.

Nyimbo itatha, a Doreen anatembenuza mutu. Anayang'ana a Walter. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka sanali a mayi wokalamba. Anali mawu a mwamuna, okhuthala, a kalankhulidwe ka ku America.

"Tiye, Wally."

Kamera inayambanso kukwera m'masapota, kulunjika ku mipando ya pamwamba ija. Ine ndinatseka maso. Sindinafune. Mutinta yekha ndi amene anayang'ana, ndipo ndinamumva akuti, "Mayo." Mpaka lero, tikaimbirana foni, sanandiuze chimene anaona, ndipo ine sindifunsa.

Nditatsegula maso, phokoso linali litatha. Fungo litatha. TV inali kuonetsa malonda a galimoto, yopanda mawu. Okalamba aja anali atakhala m'mipando mwawo, ena akusinza kale, a Doreen akuyang'ana khoma monga mwa nthawi zonse. Mutu wa a Walter unali paphewa la Carol. Carol ankawasisita tsitsi. Anadziwa, sanafunike womuuza.

Nesi anatsika, dokotala anabwera, anati mtima unangoima. M'mawa mwake manijala anandiitana mu ofesi. Anali atamva kuti ndinaimba foni popanda chilolezo. Anandifunsa kuti ndinaona chizindikiro chanji chimene nesi sanachione, ndipo bwanji sindinakanene. Ndinati, "Madamu, chimene ndinaona mulibe malo ochilemba m'mabuku anu." Carol anali atamuimbira kale, osati kudzandinenera, koma kudzamuuza kuti akandikhudza ine akumana naye. Ndinangochenjezedwa pakamwa. Mutinta anapempha kusamukira pamwamba, ndipo chaka chisanathe anapita kukagwira ntchito kwina. A Doreen sanalankhulenso mpaka tsiku lawo.

Chimodzi ndasiya dala, ndipo amayi anu sindinawauzepo.

Usiku womwewo, dokotala atapita, tinawagoneka a Walter pabedi lawo kuti tiwakonze. Carol anapempha kuti athandize. Iye anayamba kumasula kolala, ine ndinapita kumiyendo kuti ndiwavule nsapato zansalu za m'nyumba zija. Ndinawaveka ndekha m'mawa, zili zoyera kunsi ngati za m'shopu, poti mwini wake sankaponda pansi. Nditagwira chidendene, m'manja mwanga munagwera dothi.

Ndinatembenuza nsapatoyo. Kunsi konse kunali dothi lofiira, losalala, litamatirira mpaka m'mizere. Inayonso chimodzimodzi. Kwathu dothi lotero timati katondo, koma ku Edmonton mungakumbe mpaka kutopa, simungalipeze.

"Carol," ndinatero. "Taonani."

Anabwera. Anatapa pang'ono, n'kulifikisa pakati pa zala.

"Ndili wamng'ono ananditengako kamodzi kubwalo lija," anatero. "Masewero atatha anatilola ana kutsika. Pamene amathamanga osewera paja, dothi lake ndi ili."

Ndinatenga nsalu yonyowa kuti ndipukute. Carol anandigwira mkono.

"Ayi, Esinati. Abwezereni kumapazi. Ndi zimene apita nazo."

Ndinawavekanso, ndi manja angawa. M'chipindamo munali mozizira, mapazi awo anali atayamba kale kuzizira. Koma dothilo, ana inu, linali lofunda, ngati lakhala tsiku lonse padzuwa.